Chokoleti cha m'thumba la shati

Amake Tisa, foni yandiuza m'mawa kuti ku Amerika lero ndi tsiku lopatsana makadi ndi maswiti. Kwawoko kukuzizira, kuno ku Kafue dzuwa la Okutobala likuwiritsa phula. Ndakumbukira chaka chija ndinatengeka nazo, ine wa digiri yonse, n'kukugulira khadi ndi chokoleti ku Lusaka. Ndinachiika m'thumba la shati, n'kupanikizana ndi anthu m'minibasi mpaka ku Nangongwe. Pofika pakhomo, pachifuwa panali ngati ndagwera m'matope. Unandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ba Pulofesa, chikondi chanu chasungunukira m'njira pa Shimabala?" Kenako unatenga supuni n'kuyamba kupala m'thumba muja ine ndili chivalire shatiyo, uku ukuseka mpaka kutsamwa. Khadi ija unkadzikupizira nayo mwezi wonse.

Tsopano azakhali ako omwe, amene analira koposa tonse pamaliro ako, andipezera mkazi. Akuti Tisa akusowa mayi, ndipo makolala a mashati anga akuchititsa banja manyazi. Madzulo ano ndimayenera kukaonekera kwa munthuyo nditanyamula kamphatso. Ndatopa kukana, mkazi wanga, ndatopanso kuluka tsitsi la mwana mokhotakhota. Ndalowadi m'sitolo kukagula kamphatsoko, mtsikana wogulitsa n'kufunsa kuti, "Ni va ba madamu, ba ankolo?" Ndavomera osaganiza, ndipo amene wabwera m'maso mwanga ndiwe. Ndawaimbira azakhali kuti ndili ndi malungo. Bodza limeneli lindisunga mlungu umodzi wokha. La mlungu wamawa sindinalipeze.