Wopambana Satuluka M'bwalo

Phulusa likanyowa ndi mvula, fungo lake limandikumbutsa bwalo la pakoleji ina kufupi ndi Limbuli, pomwe ankalemba mizere ndi phulusa. Chaka china timu ya pamenepo sinagonjeko mpaka kutenga chikho. Goloboyi anali a Juliyo, asuweni anga othawa nkhondo ku Mozambique, amene ankakhala kwathu.

Pampira wathu wachikulunga, anafe tinali ndi lamulo lakuti wopambana satuluka m'bwalo. Choncho lole yobweza othawa nkhondo itafika, sindinade nkhawa, mpaka ndinaona a Juliyo atanyamula chikwama.

"Asuweni, auzeni kuti simunagonje!" ndinakuwa, ndikukoka chikwamacho.

Anaseka, maso ali psuu. "Mwanawe, apa palibe woyimbira."

Lole inapita nawo kumalire a dziko ku Muloza, ine ndikudikirabe wezulo. Lero ndikudziwa kuti lamulo lathu lija linkathera pamzere waphulusa.