Rimu Yotsala ya Galimoto ya Amalume

"Nanga anzake atatu ali kuti?"

Anandifunsa choncho aneba anga sabata yatha, atabwera kudzapala moto. Ankaloza rimu ya galimoto imene ndimakhazikapo ndowa ya madzi kuseri kwa khitchini. Anati ku Migowi kuli munthu amene amasungunula marimu oterowo n'kuumba mapoto, ndipo akanakhala onse anayi bwenzi nditapeza poto wamkulu wophikira pa zinkhoswe. Ndinangoseka, ndinati anatayika kalekale. Mwana anayamba kulira kumsana, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma atachoka ndinatsitsa ndowa ija n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa rimuyo. Penti anasuluka, koma mpaka lero ndi yosalala ngati mbale. Tinaisalaza ndife, ine ndi amayi.

Chinali chaka chimene ndinali mu Sitandade 5. Bambo anali atawolokera ku Mozambiki ndili wakhanda, osabweranso, choncho mutu wa pakhomo anali amalume, achimwene awo a amayi. Iwo anakhala zaka zambiri ku Joni, ndipo pobwerako anatsikira ku Limbe n'kugula kagalimoto koyera, kakale ndithu. Anati azinyamula anthu kuchokera pa boma kupita ku Chiringa, ndipo ine ankanditchula kuti kondakitala. Mawilo ake sanali akuda ngati a mathiraki. Anali a siliva, a nthambi zisanu, ngakhale kuti penti anali atayamba kale kutukusira m'malo ena.

Galimotoyo sinayende ndi mwezi womwe. Mvula ya chaka chimenecho inagwa osapuma, madzi anatsika m'phiri ndi miyala ndi mitengo, anthu n'kumati napolo wadutsa. Nyumba yathu inapulumuka chifukwa inali pamtunda, koma galimoto inali pansi pa mtengo wa mango, kumunsi. Inamira m'matope mpaka m'zitseko, ndipo inakhala momwemo mpaka matope atauma n'kung'aluka.

Kuti injini ilirenso, panafunika makaniko ndi zitsulo za ku Limbe. Amayi anapita kwa bambo wa golosale wa pamsewu n'kumubwereketsa munda wathu waukulu kuti alime dzinja limodzi. Munda umenewo anausiya ndi agogo, ndipo kwathu kuno munda umayenda ndi mwana wamkazi, ndiye kuti pambuyo pa amayi unali wanga. Ndimakumbukira amayi akunena kuti, "Achimwene, ndi chaka chimodzi chokha, eti?" Amalume anati nandolo akangoyamba kugulidwa, anthu ayamba kukwera galimoto, munda tiwombola mvula isanagwe. Lero ndikaganiza, sanali kunama. Ankakhulupirira zimene ankanena.

Injini inalira. Tsiku limenelo ana a m'mudzi monse anathamangira kwathu. Koma m'mawa mwake matayala onse anayi anali ataphwa. Amalume anapopa ndi pampu ya njinga mpaka thukuta, mawa lake aphwanso. Wokonza matayala atawachotsa, tinaona chimene chinkachitika. M'mphepete mwa rimu, momwe tayala limagwira, munali dzimbiri lachilendo, loyera ngati ufa, lotupa ngati chipere. Ukakanda ndi chikhadabo linkagwa, pansi pake n'kutsala timaenje. Mpweya unkathawira m'menemo. Wokonza matayalayo anati njira ndi ziwiri, kugula marimu ena kapena kupala awa mpaka asalale n'kuwapakanso penti. Njira yoyambayo amalume sanaifunse kawiri.

Anakhazika galimoto pa njerwa, n'kugula sandipepa wokhakhala ndi wosalala, ndi zitini za penti wopopera, wotuwa woyambira ndi wa siliva womalizira. Zitinizo anazibisa kudenga kuti ana tisaseweretse. Ntchito inayamba mu Juni, chiperoni chitakuta phiri.

Tinayamba ndi rimu imodzi. Amalume ankapala penti wakale ndi mpeni, ine ndi amayi tikutsatira ndi sandipepa, tikumunyika m'madzi. Madzi a mu Juni amaluma. Zala zinkachita dzanzi, kenako zinkang'ambika m'mphindi, ndipo phala lotuwa lochoka pa chitsulo linkalowa m'ming'alumo osachoka ngakhale usambe ndi sopo. Sandipepa anatha tisanafike pakati. Amayi sanadandaule. Ananditumiza kumtsinje kukatapa mchenga wosalala, anausefa pa chitenje chakale, n'kuusakaniza ndi phulusa. Tinkakwecha ndi chiguduli, ndipo m'makona a nthambi zija tinkalowetsa chitsononkho. Phokoso lake ndimalimvabe m'mano, kwe, kwe, kwe, kuyambira ndikaweruka kusukulu mpaka nkhuku zitalowa.

Amalume ankadutsitsa chala n'kupukusa mutu. "Kondakitala, apa pakadali phiri." Ndikakwinya nkhope ankati, "Kwecha, mwana iwe, galimoto iyi ndiye sekondale yako."

Kusukulu pensulo inkandigwa m'manja. Aphunzitsi anandigwira dzanja tsiku lina, analitembenuza, n'kufunsa ngati kwathu makasu anatha kuti tizilima ndi zala. Anzanga anaseka. Ine sindinachite manyazi, ndinawauza kuti tili ndi galimoto.

Rimu ija itasalala, amalume anaitsuka, anaiyanika padzuwa, n'kuipachika ndi waya pa nthambi ya mango. Anayembekeza mphepo ileke. Anapopera wotuwa pang'onopang'ono, dzanja likuyenda uku ndi uku osaima, n'kudikira aume, kenako wa siliva. Fungo lake linali lokoma mopweteka mutu. Madzulo rimu inkazungulira yokha pa waya paja ikuwala, ndipo amayi anaima ndi manja m'chiuno akuiyang'ana nthawi yaitali. Tayala atalibwezera, linagona ndi mpweya, linadzuka ndi mpweya. Amalume analimenya ndi chibakera n'kuvina pabwalo.

Koma imodzi yokhayo inatidyera milungu. Atatu anali atatsamira khoma, oyera ndi chipere chawo, ndipo nandolo anali atayamba kuuma m'minda. Mavenda anali atapachika kale masikelo awo pamsika. Tsiku lililonse galimoto za anthu ena zinkadutsa pamsewu zitadzaza, amalume akuziperekeza ndi maso.

Maganizo a soda anabwera ndi amayi. Iwo anali m'gulu la amayi a kutchalitchi lopanga sopo, ndipo anali ndi soda wotsala m'chigubu, uja woyera ngati mchere wokhakhala, amene ankatiletsa ngakhale kumununkhiza. Anati soda amadya mafuta, amadya litsiro, angalephere penti wakufa kale? Amalume anawomba m'manja. Anati ku Joni anaonapo anthu akunyika mageti achitsulo m'mankhwala otero, penti n'kusupuka ngati khungu la njoka. Palibe anakakamiza mnzake. Anagwirizana ngati anthu awiri otopa.

M'mawa wa Loweruka anadzaza madzi m'diramu, anathiramo soda yense, anatakasa ndi mtengo, n'kutsitsiramo marimu atatu aja mosanjikiza. Amalume anati angokhalamo pang'ono, dzuwa likafika pamutu awavuula.

Asanasambe ndi m'manja momwe, kunamveka kulira kumtunda. Anali atamwalira agogo ena, achemwali awo a agogo anga. Amalume ndiwo anali mwini mbumba, woyenera kutumiza uthenga, kukaonana ndi adzukulu okumba manda, kufunafuna matabwa a bokosi. Ndipo kwathu kuno maliro akagwa, khasu limagona pansi. Munthu sungaoneke ukukonza galimoto mbale wako ali chigonere m'nyumba, anthu angakunene mpaka imfa yako. Amayi anamanga mpango kumutu. Amalume anavundikira diramu ndi lata, anatsamiza mwala, n'kunena kuti kukhalitsa m'madzi sikunaphepo chitsulo. Ine anandisiya pakhomo, anati ndiziingitsa nkhuku ndi mbuzi, ndipo diramu ndisaiyandikire.

Sindinaiyandikire, koma ndinkaimva. Inayamba ndi kusisima, kenako kubwata ngati mowa wa masese. Lata linkanjenjemera. Thovu lotuwa linatuluka m'mbali n'kutsetserekera pansi, udzu umene linakhudza n'kupsa. Panalibe moto, koma mpweya wochoka pamenepo unali wotentha, wokanda kukhosi. Ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana zala zanga zong'ambika, mtima uli mbee. Ndinkati soda akutigwirira ntchito.

Anabwerako mawa lake masana, maliro ataikidwa. Amalume anali ndi dothi la kumanda m'nsapato. Anachotsa mwala, anakankha lata. Madzi anali akuda bii. Anakowa rimu yapamwamba ndi waya n'kuikokera kunja, ndipo inatuluka yopepuka, yakuda, yodyekadyeka ngati mtengo wa chiswe. M'mphepete muja tinkafuna kusalaza munali mutapyapyala ngati tsamba, pena pali mabowo oti chala n'kulowa.

Amalume anakuwa mawu amodzi okha, "Mayo!" Anafuna kupulumutsa awiri otsalawo. M'malo mokowa ndi waya, anagwira diramu kukamwa n'kuikankha kuti madzi atayike. Diramu inatsetsereka pa thope lija, inagunda muzu wa mango, madzi n'kuwathovukira kumaso.

Zotsatira zake ndimazikumbukira m'zidutswa. Amayi akuwakhuthulira ndowa yonse ya madzi akumwa kumutu. Amayi akuwakoka pamkono kupita ku mjigo, munthu wamkulu akupunthwa ngati mwana. Ine ndikupopa mjigo ndi thupi lonse, amalume atagwada pansi pa mpopi, amayi akuwatsegula zikope ndi zala. Kenako njinga ya kabaza, amalume atakhala kumbuyo nkhope itakulungidwa chitenje chonyowa, akudutsa pambali pa galimoto yawo ili pa njerwa.

Kuchipatala cha mishoni anawatumiza ku Blantyre. Amayi anabwera kudzatenga zofunda ndi ufa kuti akawadikirire. Asananyamuke anaima pa diramu paja. Anatola rimu yodyeka ija ndi nsanza, anaitembenuza, anaigogoda ndi mwala n'kumvetsera kulira kwake. Anaigogodanso. Kenako anakhala pansi, padothi pomwepo, n'kunena motsitsa, "Kani ndi poto."

Ine ndinaseka pang'ono, ndinkayesa amayi asokonezeka ndi chisoni. Wilo la galimoto lingakhale bwanji poto? Sanandiyang'ane. Anadzuka, anasenza katundu, anapita kwa bambo wa golosale kaye asanakakwere, ndipo dzinja limodzi lija linasanduka madzinja amene sindinauzidwe.

Ndinakhala kwa achibale mpaka mayeso anadutsa. Amalume anabwerako diso lakumanzere litayera ngati la nsomba yophika, lakumanja likuona ngati m'chifunga. Sanagwirenso chiwongolero. Galimoto inapita pang'onopang'ono, batire kaye, kenako injini, mipando, magalasi, mpaka chigoba chinatsala chogonamo nkhuku. Marimu odyeka aja anatengedwa ndi ogula zitsulo zakutha. Yosalalayi amayi anakana nayo, anaiika kuchipinda. Mvula itagwa tinayamba kulima maganyu m'minda ya anthu, ndipo tsiku lina tinapalira chimanga m'munda wathu womwe, wa golosale ataimirira kumalire kumene anali atabzala kale bulugamu. Kusukulu ndinati ndibwerera chaka chamawa. Chaka chamawacho ndinali ndikugulitsa makaka pamsika.

Amalume anakhala nafe mpaka imfa yawo, akuwothera dzuwa pakhonde, ndipo ankanditchulabe kondakitala. Sindinamvepo iwo akuloza amayi chala, kapena amayi kuloza iwo. Mawu oti soda sanatchulidwenso pakhomo pathu, ndipo amayi sanabwererenso ku gulu la sopo.

Ndinadzamvetsa ndili kale pabanja, nditalowa nanenso gulu lotero. Tsiku loyamba, mayi wotiphunzitsa ananyamula poto m'mwamba n'kunena kuti lamulo loyamba ndi ili, soda sasungunulira mu poto wa aluminiyamu, amamudya mpaka kubooka, muzigwiritsa beseni la pulasitiki. Anati aliyense wopanga sopo amadziwa zimenezi. Ndinatuluka panja ngati ndikukayamwitsa mwana. Amayi lamulo limenelo ankalidziwa bwino lomwe, mapoto awo sanawayandikizepo soda ndi tsiku limodzi. Chimene sanadziwe, iwo ndi amalume, n'chakuti wilo lonyamula galimoto yonse ndi anthu ake lingakhale chitsulo chimodzimodzi ndi poto wophikira ndiwo. Anachizindikira pogogoda ndi mwala paja, ine ndikuseka.

Aneba anga anafunsa za atatu okha. Ndikanati ndiwawerengere zonse, ndi marimu atatu, galimoto, diso la amalume ndi theka la linalo, munda wa agogo, ndi sukulu yanga. Yotsala ndi imodziyi, ndipo ndimakhazikapo ndowa.