Kagalimoto Kofiira ka Mkamwini

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anabweretsa demokalase m'nyumba mwathu ku Senga Bay. Matipate anali atangoyamba kumene, ndipo aliyense, ngakhale wogulitsa zitumbuwa, ankayamba nkhani ndi mawu akuti "ufulu wanga". Ine ndinali fomu 2, ndili ndi dayale ya chikuto cholimba imene ndinkalembamo chilichonse ndi mtima wonse. Ndinkakhulupirira kuti dziko lasintha, komanso kuti akuluakulu akanena chinthu amatanthauza chomwecho. Mundikhululukire, ndinali mwana.

Bambo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Chitala, koma atakwatira anadzakhala kwa mayi monga mwa mwambo wathu. Nyumba anamanga ndi iwo, koma inali ya mayi. Mitengo ya mango anabzala ndi iwo, koma inali ya agogo aNambewe, amayi awo a mayi. Ife ana tinali a malume. Za bambo zenizeni zinali ziwiri: wailesi ndi chipewa. Tsono atapuma ntchito yoyendetsa thirakitala pa esiteti ina n'kupatsidwa kangachepe kopumira, analengeza kuti agula galimoto, kuti nawonso akhale ndi chinthu chimene pamudzipo anthu angachiloze n'kunena kuti ndi chawo.

Pa galaja ina ku Salima panali magalimoto awiri ogulitsa, onse otopa kale m'manja mwa eni ake oyamba. Ina inali yaitali miyendo, yobiriwira, tayala lapadera lili lende kumbuyo, yokoka ndi mawilo onse anayi. M'kati munkanunkha mbuzi. Inayo kanali kagalimoto kofiira, kafupi ngati kamba, kodukira kumbuyo ngati kuti okapangawo zitsulo zinawathera panjira. Mayi, amene ankagulitsa usipa wouma ku Khombedza, anatenga dengu lawo lalikulu kuti likhale muyeso. Mu yaitali ija dengu linalowa n'kutsala malo a ena atatu. Mu kofiira kaja linalowa theka, theka linalo likusuzumira kunja. Bambo anasisita denga la kofiirako n'kunena kuti aka petulo sikamwa, kamangonunkhiza.

"Nkhaniyi sindilamula ndekha," anatero titafika kunyumba. "Nthawi ya munthu mmodzi inatha. Tivota."

Mawu amenewa ndinawalemba m'dayale n'kudula mzere kawiri kunsi kwake. Kampeni inatenga sabata yathunthu. Mayi ankanena za mchenga wa njira ya kwathu, umene unkameza ngakhale njinga, ndi za matola amene ankawasiya pamsewu ndi madengu awo. Malume, amene analibe ngakhale wilibala, anasanduka katswiri wa magiya. Bambo sanalankhule zambiri. Anangondiitanira kuseri kwa khitchini n'kundiuza kuti mtsikana wa sekondale amaoneka bwino akamatsika m'galimoto yofiira. Sikunali kugula voti ayi. Kunali kuphunzitsa anthu za chisankho.

Tinavota Loweruka masana, anthu asanu: bambo, mayi, agogo, malume ndi ine, aliyense akuponya njere m'chitini chopanda kanthu: chimanga cha yaitali, nyemba ya kofiira. Wowerengera ndinali ine, popeza ndinali wophunzira. Njere za chimanga zitatu, nyemba ziwiri. Bambo anaimirira, anavula chipewa, nati, "Anthu alankhula." Mayi analuluta. Lolemba bambo anapita ku Salima n'kubwera ndi kofiira.

"Nanga chisankho chija?" mayi anafunsa, manja ali m'chiuno.

"Chinayenda bwino kwambiri," bambo anayankha akupukuta fumbi pa boneti. "Mwaufulu ndi mwachilungamo."

Tsiku limenelo ndinalemba m'dayale kuti demokalase yamwalira itadwala masiku awiri okha.

Maganizo a bambo ndinadzawamvetsa nditakula. Yaitali ija ikanasanduka ya mudzi wonse tsiku lomwelo: usipa, odwala, nkhuni, maliro. Kofiira kanali kotetezedwa ndi kuchepa kwake. Ankadaliranso mwambo. Kwathu mkamwini sayang'anizana maso ndi apongozi ake aakazi, sakhala nawo pafupi, salankhulana nawo mwachindunji, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. M'kagalimoto konga kaja agogo akanakhala pati?

Agogo anayankha funsolo pa tsiku la msika. Anatulukira atavala chitenje chatsopano, n'kunena kuti makolo analibe galimoto, choncho pa nkhani ya galimoto mwambo unangokhala chete. Analowa n'kukhala kumbuyo kwenikweni kwa mpando wa dalaivala, maondo awo akukankha msana wa bambo. Ine ndinakhala pambali pawo. Mayi anakhala kutsogolo, dengu lili pamiyendo, mutu wawo osaoneka. Munali fungo la usipa, petulo ndi mafuta odzola a agogo, ndipo mipando ya pulasitiki inkawotcha ntchafu.

Bambo analowa, analiza injini, n'kukweza maso pa kagalasi koonera kumbuyo. M'kagalasimo munali maso awiri a apongozi awo, phee, osaphethira. Zaka zonse za ukwati wawo anali asanawaonepo pafupi chonchi. Anadzidzimuka ngati aponda njoka, n'kusolola mpango m'thumba, n'kuphimba kagalasi konse. Galasi la m'mbali linagwa kale nthawi ya mwini wake woyamba. Vuto linali lakuti kagalimotoko kanayang'ana kukhoma la nyumba, ndiye kanayenera kuyamba ndi kubwerera m'mbuyo. Pa thirakitala bambo ankangocheuka. Apa kucheuka kunali kugundana mphuno ndi agogo. Choncho anayamba kubwerera m'mbuyo atayang'ana kutsogolo, mwaulemu wonse.

"Eneresi," agogo anandiitana, pakamwa pawo pali pafupi ndi khutu la bambo kuposa langa, "uwauze bambo ako kuti akulowera ku thandala."

Thandalalo linali la mayi, loanikapo nsomba, ndipo linali lodzaza ndi usipa wa dzulo lake.

"Bambo, agogo akuti mukulowera ku thandala."

"Uwauze agogo ako kuti zikomo, ndamva, koma thirakitala ndinkayendetsa ndine."

"Agogo, bambo akuti zikomo, amva, koma..."

Sindinamalize. Kunamveka phofo! Mitengo ya thandala inathyoka, bango linagwa, usipa n'kuwaza padenga ngati matalala. Wina unalowera pawindo mpaka m'khosi mwa diresi langa. Bambo anaponda moto kuti athawe, matayala n'kungokumba mchenga mpaka kagalimoto kanakhala pamimba ngati nkhuku yofungatira. Nkhuku zenizeni nazo zinali zitafika kale, pamodzi ndi amphaka a mudzi wonse, kudzapepesa.

Kuseri kwa dengu kunatuluka mawu a mayi, otsika bwino: "Anthu alankhula."

Asodzi amene ankasoka maukonde chapafupi anabwera akuseka. Agogo anakana kutsika, akuti ulendo sunathe. Ndiye amuna asanu ndi mmodzi anakanyamula kagalimotoko ndi manja, agogo ali momwemo, ngati akukweza bwato kumtunda. Mmodzi anafunsa kuti, "Tikakhazike pansi pa mango, achimwene, kapena tikayese pamadzi?" Atakatula, agogo anatsika, anakonza chitenje, n'kundiuza kuti, "Uwauze bambo ako kuti ndafika bwino." Anali atayenda mapazi khumi, chobwerera m'mbuyo.

Kuyambira tsiku limenelo palibe anapemphanso kukwera. Mayi anabwerera ku matola. Agogo ankauza anzawo kutchalitchi kuti galimoto anakwerapo, ndipo palibe chachilendo. Malume anaiwala zonse za magiya. Kofiira kanakhazikika pansi pa mango, kamatuluka mwa apo ndi apo kupita ku Salima, ndipo ine kanandiperekeza kusukulu kawiri, ndiye voti yanga sinapite pachabe kwenikweni. Masana aliwonse bambo ankalowamo, chitseko chili chotsegula, wailesi pamiyendo, chipewa kumaso. Palibe ankawatuma ali mmenemo. Pamudzi wonse, chipinda chawo chinali chimenechi. M'dayale ndinalemba kuti bambo aluza kawiri, pa voti ndi pa mchenga. Ndikawerenga tsambali lero, ndimachita manyazi ndi mtsikana wanzeru amene analilemba.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mayi akakwera galimoto ya amuna anga amakhala kutsogolo, n'kumakangana nawo za liwiro maso ndi maso, popanda wotumidwa. Mwambo uja ana anga amaumva ngati nthano. Chaka chatha inafika nthawi yoti nane ndigule yanga, ndipo zinali zomwe zija: yaitali miyendo, kapena kakang'ono kodukira kumbuyo. Amuna anga ndi ana anavota, yaitali n'kupambana bwinobwino, chifukwa akuti ikwana tonse pamodzi ndi katundu wa achibale. Ndinaimirira, ndinawathokoza, n'kunena kuti anthu alankhula.

Kofiira sindinakapeze. Ndinagula kotuwa.