Mendulo ya Alfredo Sinalowe M'nyumba

Mchimwene wanga Alfredo ndi wouma mutu, ndipo anatengera amayi. Ine Feliciana ndakalambira pakati pa awiriwa.

Titabwerako ku Zambia komwe tinathawira, nkhondo ya kwathu itatha, tinapeza minda yathu ku Mualadzi ili thengo lokhalokha. Alfredo analima zaka zingapo, kenako anakalembetsa usilikali. Amayi athu, a Generosa, sanalankhule sabata yathunthu. Asilikali ndi amene anapha atate pakhomo pomwepo, amayi akuona.

Boma linatumiza Alfredo ku Burundi kukalondera mtendere wa eni ake. Mu 2004 anatulukira pa njinga yobwereka kuchokera kumalire ku Cassacatiza, atawonda, ali ndi kachitsulo kolendewera pa kansalu.

Amayi anamuimitsa pa mtengo wa mango. Kwathu wochokera kunkhondo salowa m'nyumba asanasambe mankhwala, ndipo zonse wabwera nazo zimatenthedwa. Alfredo anasamba. Nsapato, malaya, chipewa, anaponya yekha pamoto. Koma kachitsulo kaja, mendulo yake, anakafumbata.

"Iyi si ya nkhondo, amayi. Medalya iyi ndi ya mtendere. Sindinaombere munthu ngakhale mmodzi."

"Anakupatsa ndani? Si asilikali? Ponya."

Sanaponye. Anamanga kakhumbi m'mphepete mwa munda, nakhala momwemo zaka khumi ndi chimodzi. Ankawalimira amayi, kuwatemera nkhuni n'kuzisiya pamango paja. Chakudya ndinkamupititsira ine, dzinja ndi chilimwe, ndipo kunena zoona onse awiri ananditopetsa. Ndinamuuza kangapo kuti chitsulo sichidyedwa. Iye ankati pa moyo wake wonse, tsiku limene analandira menduloyo ndi lokhalo limene anthu anamuitana dzina n'kumuthokoza. Akatero ndinkangotola mbale zanga n'kubwerera.

Amayi atadwala mpaka mutu kuyamba kusokonezeka, ndinapita kukhumbi kuja mtima ukuwira.

"Achimwene, mukachedwa, m'nyumba muja mudzalowa mutasenza bokosi."

Anatenga khasu, nakumba pachulu, nakwirira mendulo ija. Anasambanso mankhwala popanda womuuza. Ndinamumvera chisoni kwambiri tsiku limenelo.

Anafika pakhomo masana, naodira, nalowa. Anaima chilili, msana uli njo, manja ali m'mbali, mmene anazolowerera ku usilikali. Amayi anadzutsa mutu pamphasa namuyang'anitsitsa. Kenako anandigwira mkono mwamphamvu.

"Feliciana," ananong'ona, "kauze atate ako athawe. Asilikali abweranso."