Marola a Amayi Anga

"Iwe mwana wopanda mwambo, ukundiyankha ine? Ulaya wakuzunguza mutu eti?"

Amalume anakuwa mawu amenewo nsapato imodzi ili m'manja mwawo, inayo ndaikumbatira ine. Zinali nsapato zamatayala, zakuda, zingwe zofiira, matayala anayi ondondozana pamzere umodzi. Amayi ankazitcha marola. Mpaka lero ndikamva fungo la labala watsopano ndimakumbuka Lamulungu limenelo mumzinda wa Hull ku Ulayako, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Ndiyambire poyambira. Amayi ankagwira ntchito kukeya, kusambitsa ndi kunyamula nkhalamba zachizungu. Bambo anali atamwalira kale ku Malawi, ndiye m'kanyumba kathu tinalimo awiri basi. Chaka chimenecho, kuzizira kutangotha, adokotala anawauza kuti BP yawo yakwera moopsa, ndipo mapiritsi okha sangawapulumutse ngati thupi silituluka thukuta. Anayesa kuthamanga, mawondo anakana. Zosambira anati iwo sangavule pagulu. Tsiku lina tili m'basi anaona mtsikana akudutsa pa marola, nangoti, "Zija ndimazitha ine."

Ndinaseka mpaka anthu kucheuka. Koma sankanama. Amayi anabadwira ku Bulawayo, kumene agogo ankagwira ntchito yanjanji, ndipo ali kamtsikana ankabwereka marola achikale aja, matayala awiri kutsogolo awiri kumbuyo. Atabwerera ku Malawi zinathera pomwepo, zaka zoposa makumi awiri osaziponda.

Tinapita kukasitolo kogulitsa zamasewera, zatsopano ndi zakaunjika zomwe. Mwini wake, mdala wandevu zaimvi, anawayeza phazi nati saizi 5. Anawalangiza kuti poti papita nthawi atenge za matayala aang'ono ofewa, osati zaliwiro, zokhala ndi buleki kuchidendene. Chachikulu, anati, nsapatoyo igwire phazi ndithu, chidendene chisamanyamuke, akakolo asamagwedere. Amayi anamvera zonse kupatula chachikulucho. Anatenga saizi 8.

"Mwanayu akamakula adzazivala," anatero m'Chichewa, akundiloza ndi mlomo.

Inu amene munakulira kwathu mukudziwa, nsapato sitigulira phazi la lero. Jekete langa lasukulu manja ake ankabisa zala. Chilichonse cholowa m'nyumba mwathu chinkabwera chili kale ndi mwini wake wachiwiri, kaya ine, kaya abale ku Ntcheu. Nzeru imeneyo ndi yabwino pa jekete. Pa matayala ndi uchitsiru, ndikunena ine mwana wawo.

Anatsendera nyuzipepala kuzala, kuvala masokosi awiriawiri, tinalowa m'paki. Poyamba anagwira phewa langa, zala zawo zikundiboola. Kenako anandisiya. Abale, mzimayi yemwe ndinkamudziwa akubwera kuntchito akukoka miyendo uja anawerama pang'ono, nakankha mwendo kumbali, nakankhanso winawo, chitenje chomangidwa m'chiuno pamwamba pa buluku chikuuluka. Matayala ankalira mofewa pa tala wonyowa. Agalu anauwa, ana achizungu anaima kukamwa kuli yasa. Atazungulira dziwe la abakha anabwerera akuseka, mano onse pamtunda, thukuta lili chuchuchu. Kuseka koteroko sindinakumvepo chimwalirire bambo.

Tinkapita madzulo alionse amene sanali pantchito. Koma ndinkaona akakolo awo akupindikira m'kati, phazi likusambira m'nsapato. Tsiku lina pokhota phazi linatembenuka, nsapato osatembenuka. Anagwa, dzanja linabinya.

Amalume, achimwene awo aakulu, mkulu wa mpingo ku Sheffield, anabwera Lamulungu lotsatira ndi chikwama chachikulu cha katundu wotumiza kumudzi. Ataona bandeji nkhope inasintha.

"Mlongo, mayi wa Mvano pamatayala? Mukathyoka msana, mwanayu alera ndani kuno?"

Ndisawanamizire, ankanena mwa mantha, osati nkhanza. Koma kenako anatola nsapato imodzi ya marola aja, naitembenuza n'kuwerenga kunsi kwake. "Saizi 8? Ah, zimukwana mnyamata wa achimwene ku Ntcheu. Ponyani m'chikwamamo."

Amayi anayang'ana pansi. "Chabwino, achimwene."

Apo ndiye magazi anandikwera. Mtima wanga wapachala sunayambe lero. Ndinatsomphola nsapato inayo n'kunena kuti ku Ntcheuko tala wake ndi uti, mnyamatayo akayenda nazo m'mizere ya mbatata? Ndinati adokotala anena kuti amayi akasiya afa, nanga inu mukufuna chiyani? Mpamene amalume anakuwa mawu aja. Khofi lawo linandigwera patsaya, khutu linalira, nsapato zonse ziwiri zinalowa m'chikwama. Anachisiya pakhonde kuti wagalimoto adzachitenge m'kati mwa sabata, iwo n'kukakwera sitima.

Amayi sanandikalipire, sanandiyamikirenso. Anangomwa piritsi lawo n'kukhala pampando, dzanja lili pamiyendo. Ndinaona kuti atha, sadzapitanso kupaki. Munthu amene lero, ndi imvi zake, amandisiya m'mbuyo pa marola ine ndikupuma ngati ng'ombe, tsiku limenelo anagonja chifukwa mchimwene wayankhula.

M'mawa mwake ndinavala yunifolomu koma kusukulu sindinapite. Ndinatsegula chikwama chija, kutulutsa marola, kutenganso nsapato imodzi ya amayi yakutchalitchi, n'kukwera basi. Chingerezi changa chinali chothyokathyoka, ndiye ndinangoika zonse patebulo la mdala uja, nsapato yakutchalitchi pambali pa chimphona cha saizi 8. Anachotsa nyuzipepala ija kuzala, naipenyetsetsa, napukusa mutu. Matayala anali atadyeka, zatsopano sakanandipatsa. Analowa kuseri n'kubwera ndi zakaunjika, zotuwa, zokalikakalika, saizi 5.

Ndinawapeza amayi kukhitchini. Ndinagwada n'kuwaveka ndekha poti dzanja lawo silinkagwira, ndinakoka zingwe mwamphamvu monga ananenera mdala uja. Anaimirira atagwira firiji. Akakolo anali nji.

"Zothina," anatero. Kenako anandiyang'ana. "Nanga iwe udzavala chiyani? Izitu sizikwana aliyense."

"Si za aliyense," ndinayankha mwaukali. "Ndi zanu."

Anakhala pansi, osazivula, misozi ikutsika. Ine ndinaganiza kuti zikuwaluma zala, ndinayamba kumasula zingwe, iwo n'kundimenya padzanja kuti ndisiye. Ndinakwiyanso. Sindinkadziwa pamenepo kuti chikwatiwire, mayi ameneyu anali asanavalepo chinthu chimene sichinkadikira munthu wina.