Mlesi wa m'bwato

Atsibweni anga a Kaitano anali ndi mbiri ya ulesi ku Makhuwira konse. Anzawo akamapalasa bwato kudambo, iwo ankakhala kumbuyo n'kumagogoda bwatolo ndi kamtengo, go! go! Ngakhale mayi anga a Otilia ankati, "Achimwene anga awa, nkhafi imawaotcha m'manja."

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 a ku koleji anandiitana ku Blantyre kuti akandifunse mafunso a maphunziro a kompyuta. Wosafika tsikulo malo ake ankapatsidwa wina. Ndiye taonani, madzi anasefukira, msewu wonse psiti! Basi inali kutsidya.

Amuna a m'mudzi anadzipereka kundiolotsa. Aliyense ankafuna kuti mwana wa Otilia apite, ndipo aliyense anapalasa ndi mphamvu zake zonse, pa nthawi yakeyake. Bwato linangozungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu. Ndinakumbatira chikwama changa n'kuyamba kulira.

Atsibweni anakalipira a Hilario, chimphona cha m'mudzi. "Inu, ikani nkhafiyo pansi! Mphamvu zanuzo mukagwetsere ng'ombe. Enanu, nkhafi ilowe m'madzi ndikagogoda, osati musanamve."

Go! Go! Bwato linawongoka. Basi tinaipeza ikulira kale.

Ku koleji, mphunzitsi wina anatiuza kuti purosesa, ubongo wa kompyuta, singapitirire kuwonjezera liwiro mpaka kalekale. Makompyuta a m'tsogolo adzakhala ndi timapurosesa tambiri togawana ntchito imodzi. Chovuta, anatero, sikutichulukitsa ayi, koma kulemba pulogalamu yoti tizidikirana, tisamalimbane. Anzanga anakanda mitu. Ine ndinaseka mokweza mpaka anandiyang'ana, chifukwa m'maganizo ndinkaona a Hilario atakwinya nkhope, nkhafi ili pamiyendo.

Nditabwera kutchuthi ndinawapeza atsibweni akudwala, atagona pamphasa pansi pa mtengo wa masawu. Ndinawafotokozera zonse.

"Luisa, ukuti makinawo adzafunanso wogogoda?"

"Eya, atsibweni. Ndi ntchito imene ndikufuna kudzagwira."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Kawauze amayi ako. Banja lino alesi takwana awiri."

Sanaone mvula yotsatira. Ndimawathokoza, ndipo ndilibe nazo manyazi kunena kuti ndimawasowa kwambiri. Kamtengo kaja ndinakapempha pamaliro, anthu n'kumadabwa kuti ndikatani nako. Kali pambali pa kompyuta yanga.