Ndinapaka Polishi Wofiira pa Mlombwa wa Eni Ake

Ndine munthu wosamala zinthu, koma ndinawononga pansi pa nyumba ya achimwene anga ndi manja angawa, ndikuganiza kuti ndikukonza.

Achimwenewa, mwana wa abambo anga aakulu, atapita kukagwira ntchito kunja anandisiyira nyumba yawo ya ku Area 3 kuti ndizikhalamo ndi banja langa osalipira lendi. Pangano linali limodzi: adzaipeze monga anaisiyira. Nyumbayo ndi yakale, ndipo pansi pake si simenti ayi, ndi timatabwa ta mlombwa toyalidwa mwaluso.

Ife tinakulira pa simenti. Kwathu nyumba yosakolopa m'mawa ndi ya alesi. Choncho mayi a kunyumba ankakolopa tsiku lililonse ndi madzi a sopo, ine n'kumayamikira. Nditaona kuti matabwa ayamba kutuwa, ndinapita ku Msika wa Lilongwe kukagula polishi wofiira, yemwe uja timapaka pakhonde. Loweruka lililonse ndinkagwada ndekha, kupaka, kenako kukwecha ndi bulashi mpaka pansi pawale. Sindinafunse munthu.

Dzinja lachiwiri timatabwa tinafufuma. Tina tinatukuka, tina tinkalira munthu akaponda. Masiku omwewo achimwene anatumiza uthenga woti akubwera pakatha miyezi iwiri.

Ndinaitana mmisiri wa matabwa. Anagwada, anapala ndi chikhadabo, n'kundiyang'ana.

"Bambo, mlombwa mumauthirira ngati dimba la mpiru? Nanga chofiirachi, mumafuna m'nyumba muno mukhale ngati khonde la golosale?"

Anandifotokozera kuti pansi ponse pafunika kupala ndi makina, ndipo amalipiritsa pa mita iliyonse. Polishi wanga uja amamata pa sandipepala, motero sandipepalayo afunika wochuluka kuposa nthawi zonse. Timatabwa tovunda tichotsedwe, koma mlombwa wouma bwino ndi wosowa. Pamwamba pake guluu, ndi vanishi wopaka katatu. Mtengo wonse unaposa malipiro anga a miyezi isanu. Nditayesa kunenerera, anayamba kulongedza zida zake.

Ndinagulitsa njinga yanga yamoto. Ntchito ya sabata imodzi inatenga masabata atatu chifukwa magetsi ankangozimazima, mpaka ndinabwereka jenereta yolipira. Fumbi lofiira linalowa paliponse, m'mbale ndi m'zovala momwe. Chondipweteka n'chakuti nditawononga ndalama zonsezo, timatabwa tatsopano tinaoneka totuwa pakati pa takale, ndipo kufiira kunatsalabe m'mipata.

Achimwene atafika anaima pakhomo la pabalaza nthawi yaitali, maso ali pansi. Anangoti, "Mwayesetsa." Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Patatha sabata anandiuza mwaulemu kuti agwirizana ndi akazi awo kuti nyumbayo aichititse lendi. Anandipatsa mwezi umodzi. Lero ndili m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Kawale, ndipo kuntchito ndimapita wapansi.

Inu owerenga, sindinachotsedwe m'nyumba chifukwa cha ulesi kapena kuba. Chinandichotsa ndi khama lopanda kufunsa. Mukasungitsidwa chinthu chomwe simunakule nacho, musachite manyazi kunena kuti simukuchidziwa. Matabwa otere safuna madzi, safuna polishi wa simenti. Tsache lofewa ndi kansalu kofinya bwino n'zokwanira. Zimenezi mmisiri uja anandiuza ulere, ataima pakhomo, tsiku lomwe ankatsazika.